Feteleza amadyetsa mbewu, nanga nthaka idya chiyani?

Mlimi akamati nthaka yake yazolowera feteleza, amakhala akunena zimene waona ndi maso ake. Munda umene kale unkabereka ndi thumba limodzi lero ukufuna matumba awiri, ndipo chaka chimene sanathire, mbewu zimangolekera m'mawondo, masamba n'kuchita chikasu. Ena amafika ponena kuti feteleza ndiye anapha nthaka. Ogulitsa feteleza amakana kwamtuwagalu, amati vuto ndi loti alimi amathira wochepa. Boma nalo, likaona njala ili pakhomo, limathamangira kutsitsa mtengo wa thumba, chifukwa thumba limawerengeka ndiponso limaoneka pa chithunzi. Onsewa ali ndi kachigawo ka choona, koma mkangano wa feteleza ndi manyowa umaphimba nkhani yeniyeni: phindu la thumba lililonse limadalira nthaka imene lagwerapo, ndipo chimene boma lasankha kulipira ndicho chimaumba nthakayo pakapita zaka.

Mbewu imayamwa michere pafupifupi 14 kuchokera m'nthaka. Itatu ndiyo imafunika yochuluka: nayitirojeni wokulitsa masamba ndi phesi, fosifolasi wothandiza mizu ndi njere, ndi potaziyamu wolimbitsa mbewu pa chilala ndi matenda. Manambala atatu amene amalembedwa pa thumba amanena za michere itatuyi motsatana. Feteleza wa DAP amalembedwa 18-46-0, kutanthauza kuti potaziyamu mulibe ndi pang'ono pomwe. Urea ali ndi nayitirojeni yekha, magawo 46 pa 100 aliwonse, choncho thumba la makilogalamu 50 limanyamula makilogalamu 23 a nayitirojeni, basi. Salufa, zinki, kashiamu, maginiziyamu ndi ina yotsalayo, ngati sinalembedwe pa thumba ndiye kuti mlimi akuyembekezera nthaka kuti iipereke yokha.

Nayitirojeni ndi wodabwitsa. Mpweya umene timapuma uli naye magawo 78 pa 100, koma mbewu zambiri sizingamugwiritse ntchito ali choncho. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yomuphatikiza ndi haidrojeni kuti apange amoniya, ndipo Carl Bosch anaikulitsa njirayo mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi lero amadya chakudya cholimidwa ndi nayitirojeni wopangidwa motere. Aliyense wofuna kuti feteleza atheretu ayambe wayankha kuti anthu amenewo adya chiyani. Koma njirayi imadya gasi wambiri, n'chifukwa chake mtengo wa gasi ukakwera, wa Urea umatsatira. Fosifolasi ndi potaziyamu amachita kukumbidwa, ndipo migodi yake ili m'mayiko ochepa: Morocco ili ndi gawo lalikulu koposa la miyala ya fosifeti yodziwika, pamene Canada, Russia ndi Belarus ndiwo amagulitsa potashi wambiri, amene ndi feteleza wa potaziyamu. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mlimi amene sanamvepo dzina la Kyiv anaimvera pa mtengo wa thumba.

Zimene zimachoka m'munda ndi zokolola

Tani imodzi ya njere za chimanga imatuluka m'munda itanyamula makilogalamu pafupifupi 15 a nayitirojeni, kuwonjezapo fosifolasi ndi potaziyamu. Mapesi akatenthedwa kapena kututidwa, michere ina imapita nawo. Kukokoloka kwa nthaka kumatenganso gawo lake. Mu 1990 akatswiri awiri a ku Netherlands, Stoorvogel ndi Smaling, anawerengera kuti minda ya kum'mwera kwa chipululu cha Sahara inkataya, pa hekitala iliyonse pachaka, makilogalamu pafupifupi 22 a nayitirojeni, 2.5 a fosifolasi ndi 15 a potaziyamu kuposa zimene zinkabwezeredwa. Minda imeneyo sinaphedwe ndi feteleza. Inaguga chifukwa chokololedwa chaka ndi chaka popanda kubwezera kanthu, nthawi yogoneka munda itatha chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Apa m'pamene pamachokera maganizo akuti nthaka imazolowera feteleza. Mlimi akayamba kuthira Urea, zokolola zimakwera, ndipo zokolola zochulukazo zimatenga potaziyamu, salufa ndi zinki wochuluka kuposa kale, pomwe thumba lake silikubweza michere imeneyo. Asayansi a ku Germany, Carl Sprengel ndi Justus von Liebig, anafotokoza lamulo lake zaka pafupifupi 200 zapitazo: mbewu imakula molingana ndi mchere umene ukuperewera kwambiri, osati umene wachuluka. Zinki akatha, ngakhale muunjike Urea chotani, mbewu sisuntha. Mlimi amaona ngati feteleza wa masiku ano ndi wosalimba, chonsecho chasowa ndi china chimene sichinali m'thumbamo kuyambira kale.

Asidi

Koma pali mlandu umodzi umene feteleza sangauthawe. Feteleza aliyense wokhala ndi nayitirojeni wa mtundu wa amoniyamu, kapena wosanduka amoniyamu monga Urea, akalowa m'nthaka, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa naitireti, mtundu wina wa nayitirojeni umene mbewu imayamwa, ndipo pochita zimenezo timatulutsa asidi. Mbewu ikayamwa naitiretiyo, gawo lina la asidi limafafanizika. Ikalephera kumuyamwa, mvula imatsika naye pansi, ndipo popita amakoka kashiamu ndi maginiziyamu, asidi n'kutsala pamwamba. Ndiye kuti feteleza amene amawononga nthaka kwambiri ndi amene mbewu sinadye. Mitundu yake imasiyananso ukali: pa kilogalamu iliyonse ya nayitirojeni, ammonium sulphate amasiya asidi wochuluka pafupifupi katatu kuposa Urea, pamene feteleza wa CAN amasiya wochepa chifukwa ali ndi laimu m'kati mwake.

Muyeso wa asidi umatchedwa pH. Nambala 7 ndi pakati, ndipo ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka; kutsika ndi 1 kumatanthauza asidi wochuluka kakhumi. Mbewu zambiri zimakondwa pakati pa 6 ndi 7. Ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu amene amakhala womangika m'dothi amayamba kusungunuka, ndipo ameneyu ndi poizoni ku mizu. Mukazula mbewu pa nthaka yotere n'kuitsuka mizu, mumaona kuti ndi yaifupi, yonenepa kunsonga, yofiirira, yopanda timizu ting'onoting'ono toyera tija timene timayamwa madzi. Mbewu ya mizu yotere imafota pakangodutsa masiku ochepa opanda mvula, ndipo anthu amati ndi ng'amba. Pa nthaka yomweyo fosifolasi amagwidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi, kotero gawo lalikulu la feteleza wokulitsa limamangika mbewu isanalilawe. Mlimi walipira thumba lathunthu koma mbewu yalandira kachigawo.

Izi sizongopeka. Ku Rothamsted, malo a kafukufuku wa zaulimi ku England, kuli munda wa udzu wotchedwa Park Grass umene wakhala ukuyesedwa kuyambira 1856. Zigawo zimene zakhala zikulandira ammonium sulphate popanda laimu zinatsika mpaka pH yosakwana 4, ndipo mitundu yambiri ya zomera inatheramo. Ku China, kafukufuku amene anatuluka mu 2010 anapeza kuti m'zaka pafupifupi 20 pH ya minda yambiri inatsika ndi pafupifupi 0.5, makamaka chifukwa cha nayitirojeni wothiridwa mopyola muyeso.

Mankhwala ake ndi odziwika: laimu wa ulimi. Pa kilogalamu iliyonse ya nayitirojeni wa mu Urea pamafunika makilogalamu pafupifupi awiri a laimu kuti asidi afafanizike, ndipo munda umene wawawasa kale ungafune tani imodzi, awiri kapena kuposa pa hekitala. Mwala wake ndi wotsika mtengo. Chodula ndi kuupera ndi kuunyamula. Nthaka ya m'dera la Cerrado ku Brazil inkaonedwa ngati yopanda ntchito chifukwa cha asidi ndi aluminiyamu. Bungwe la kafukufuku la Embrapa, lokhazikitsidwa mu 1973, pamodzi ndi laimu wambiri, fosifolasi ndi mbewu zopirira, linathandiza kusandutsa derali nkhokwe ya soya. (Mtengo wake unali wina: tchire lalikulu la zachilengedwe linapita.)

Mbali ya nthaka imene thumba silingagulitse

Tengani zigulumwa ziwiri zouma, china cha m'munda wolimidwa zaka zambiri mapesi akutenthedwa, china cha pansi pa mtengo pamene masamba amawolerana. Ziikeni pang'onopang'ono m'matambula awiri a madzi. Choyamba chimaphwasuka nthawi yomweyo, madzi n'kuda bii. Chachiwiri chimatulutsa tithovu ta mpweya koma chimakhala chogwirana, madzi ali mbee. Chogwirizira chachiwiricho ndi zowolerana za zomera, ulusi wa bowa wosaoneka, ndi ulimbo umene tizilombo ta m'nthaka timatulutsa. Mvula yamphamvu ikagwa pa munda wa chigulumwa choyamba, dothi limasungunuka n'kutseka timipata, pamwamba pamauma chikhakha, ndipo madzi amathamanga kutsetsereka atatenga feteleza. Pa munda wachiwiri amalowa pansi.

Zowoleranazi zimagwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Zimasunga chinyezi. Zimagwira michere kuti isatsukidwe, makamaka pa nthaka yamchenga ndi nthaka yofiira ya m'madera otentha, imene dongo lake siligwira michere mwamphamvu. Zimachepetsa ukali wa aluminiyamu. Zimadyetsa nyongolotsi ndi tizilombo timene timamasula michere pang'onopang'ono. Feteleza wa m'thumba sachita chilichonse mwa izi. Kafukufuku wa kumadzulo kwa Kenya, wofalitsidwa mu 2009, anaonetsa kuti pa minda imene zowoleranazi zatsika kwambiri, chimanga chowonjezereka chifukwa cha feteleza sichinkabweza n'komwe ndalama zomugulira, pamene pa minda yachonde feteleza yemweyo ankapindulitsa. Ndipo minda yoguga kwambiri nthawi zambiri imakhala ya osauka kwambiri. Mfundo imeneyi ndi yowawa kwa aliyense wokonza ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo, chifukwa amene akuyenera thandizo koposa ndi amene thumbalo limawapindulira mochepa.

Kodi tsono feteleza ndiye amatha zowoleranazi? Rothamsted yomweyo ili ndi yankho. Pa munda wa Broadbalk akhala akulima tirigu kuyambira 1843, zigawo zina osathira kanthu, zina feteleza yekha, zina manyowa a m'khola matani 35 pa hekitala chaka chilichonse. Chigawo chosathira kanthu chimapereka pafupifupi tani imodzi pa hekitala. Cha feteleza wokwanira chimabereka mofanana ndi cha manyowa, ndipo zokolola zapamwamba koposa zachokera kumene anaphatikiza ziwirizi. Zowolerana m'chigawo cha manyowa zinachuluka kuposa kawiri. M'chigawo cha feteleza zinakwera pang'ono chabe kuposa m'chosathira kanthu, chifukwa mbewu yokula bwino imasiya mizu yambiri. Feteleza sanaphe nthaka ya Broadbalk, koma sanaimangenso. Tisaiwale kuti kumeneko amathira laimu pakafunika, ndipo nyengo yake ndi yozizira. M'madera otentha zowolerana zimapsa msanga.

Okonda manyowa nawonso awerenge masamu awo. Manyowa amene ali ndi nayitirojeni gawo limodzi pa 100 amafunika matani oposa awiri kuti afanane ndi thumba limodzi la Urea, ndipo si nayitirojeni yense amene amamasuka chaka choyamba. Mlimi wopanda ng'ombe awatenga kuti, ndipo awanyamula bwanji? Komanso ng'ombe sipanga michere. Imangosamutsa ya kudambo kumene yadya kupita nayo kumunda. Gwero lenileni la nayitirojeni watsopano popanda fakitale ndi mbewu za mtundu wa nyemba: soya, nandolo, mtedza, khobwe, ndi mitengo ina monga gliricidia ndi msangu. Pa mizu yake pamakhala timibulu. Mukakang'amba kamodzi n'kupeza m'kati muli mofiirira, ndiye kuti mabakiteriya akugwira ntchito yokoka nayitirojeni mumpweya. Brazil imalima soya wake wambiri popanda feteleza wa nayitirojeni, pongopaka mbewu mabakiteriya amenewa, ntchito imene wasayansi Johanna Döbereiner anailimbikitsa kwa zaka zambiri. Koma nyembazo zimafuna fosifolasi, ndipo sizichita bwino pa nthaka ya asidi. Njira iliyonse imene mungadzere, mumakapezanso kuti chinthu chimodzi chikufuna chinzake.

Kumene kwachuluka

Dziko lapansi lili ndi mavuto awiri osiyana amene amatchulidwa ndi dzina limodzi. Kwina feteleza ndi wochepa, kwina ndi wochuluka mopweteka. Pa nayitirojeni yense wothiridwa m'minda padziko, wosakwana theka ndiye amafika m'zokolola. Urea akamwazidwa pamwamba pa dothi lonyowa dzuwa likuswa mtengo, osakwiriridwa, gawo lina limauluka ngati amoniya m'masiku ochepa. Wina amasanduka mpweya wa nitrous oxide, umene umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide maulendo pafupifupi 270. Wotsala amalowa m'zitsime ndi m'mitsinje, kumene amadyetsa ndere. Ndere zikafa n'kuwola zimamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kuthawa kapena kufa. Kumene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico, dera lopanda mpweya wokwanira linaposa masikweya kilomita 22,000 mu 2017.

Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo la naitireti mu 1991, loletsa kuthira manyowa opitirira makilogalamu 170 a nayitirojeni pa hekitala pachaka m'madera osatetezeka. Onani kuti lamulolo likunena za manyowa: nawonso amaipitsa madzi akachuluka. China inalengeza mu 2015 kuti kagwiritsidwe ntchito ka feteleza kasiye kukwera pofika 2020. Mayiko otere angathe kuchepetsa feteleza zokolola osatsika. Kutenga uphungu wawo n'kukaupereka kwa mlimi amene amathira makilogalamu osakwana 20 pa hekitala ndi kumulakwira.

Boma likalowererapo

Sri Lanka ndiye chitsanzo cha kupupuluma. Mu Epulo 2021 boma la Pulezidenti Gotabaya Rajapaksa linaletsa kuitanitsa feteleza wa mankhwala, ati dziko lonse lilime ndi manyowa okhaokha. Dzikolo linalinso pa vuto la ndalama zakunja. Alimi sanaphunzitsidwe, manyowa okwanira kunalibe, ndipo mbewu zimene ankadzala zinali zozolowera chakudya chambiri. Mpunga unatsika kwambiri mpaka dziko linayamba kugula kunja, tiyi amene amabweretsa ndalama anavutikanso, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho chiletsocho chinafewetsedwa. Mu Julayi 2022 Rajapaksa anathawa m'dzikolo anthu atakwiya. Zifukwa zinali zambiri, koma njala inali m'gulumo.

India ikuonetsa vuto la mtundu wina, lobisika, ndipo kwa ine ndi lophunzitsa koposa. Boma limaika lokha mtengo wa Urea, wotsika kwambiri, n'kumalipira makampani zotsalazo. Mu 2010 linasintha kalipiridwe ka feteleza wa fosifolasi ndi potaziyamu kotero kuti mitengo yawo inakwera, koma Urea sanakhudzidwe. Mlimi si wopusa: amagula chotsika mtengo. Akatswiri a kumeneko amalangiza kuti nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu aziyenda pa mlingo wa 4:2:1, koma m'madera monga Punjab nayitirojeni anapitirira kutali mlingo umenewo, potaziyamu n'kutsalira. Boma silinalamule aliyense kuti asokoneze nthaka yake. Mtengo ndiwo unalamula. M'chaka cha 2022/23 ndalama za sabuside wa feteleza zinafika pafupifupi marupi 2.5 thiriliyoni.

Pofuna kukonza, mu 2015 India inayambitsa makhadi a umoyo wa nthaka: dothi la mlimi limayezedwa zinthu 12, kuphatikizapo pH, zowolerana, salufa ndi zinki, ndipo amapatsidwa khadi lonena zoyenera kuthira. Chaka chomwecho inalamula kuti Urea azikutidwa ndi mafuta a mtengo wa nimu, kuti azisungunuka mochedwerapo komanso asamapatutsidwe kupita kumafakitale. Kenako thumba linachepetsedwa kuchoka pa makilogalamu 50 kufika pa 45, podziwa kuti alimi amawerenga matumba, osati makilogalamu. Mu 2023 inabwera ndondomeko ya PM-PRANAM, yolonjeza zigawo za dzikolo gawo la ndalama zimene zapulumutsidwa zikachepetsa feteleza. Maganizo onsewa ndi abwino. Koma khadi likanena kuti chepetsa Urea, wonjeza potashi, pomwe kusitolo Urea ndiye wotsikitsitsa mtengo, mlimi amvera chiyani? Dzanja limodzi la boma likumanga, linalo likugwetsa.

Ku Africa nkhani ndi yoperewera. Atsogoleri atakumana ku Abuja mu 2006, analonjeza kukweza feteleza kuchoka pa makilogalamu 8 a michere pa hekitala kufika pa 50 pofika 2015. Chakacho chinadutsa lonjezo lisanakwaniritsidwe ngakhale theka. Mayiko ambiri anatsata njira ya makuponi. Malawi inayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya FISP mu 2005/06 pansi pa Bingu wa Mutharika, zokolola za chimanga zinakwera (mvula nayonso inagwa bwino), ndipo mayiko ena monga Zambia, Ghana, Tanzania ndi Nigeria anakulitsa kapena kuyambitsa ndondomeko zawo. Njala inachepa m'mabanja ambiri, zimenezo n'zosatsutsika. Koma mitengo itakwera mu 2008/09, ndondomeko ya Malawi inadya pafupifupi magawo 16 pa 100 a bajeti yonse ya dziko. Ofufuza m'mayiko angapo apeza mavuto obwerezabwereza: feteleza kufika mvula itagwa kale, gawo lina kupita kwa amene akanagula okha, lina kugulitsidwa panjira, ndiponso chimanga chowonjezereka pa kilogalamu ya nayitirojeni kukhala chochepa kuposa chimene chimapezeka m'minda ya kafukufuku. Chifukwa china cha kuchepako ndi nthaka ija ya asidi ndi yopanda zowolerana.

Choopsa chachikulu si ndalama zimene zalowa m'matumba, koma zimene sizinapite kwina. Unduna wa zaulimi ukathera gawo lalikulu la chuma chake pa feteleza, alangizi amachepa, malo oyezera dothi amasowa zipangizo, kafukufuku amaima. Choncho feteleza wa mtundu umodzi amatumizidwa dziko lonse, ku mchenga ndi ku dongo, ku asidi ndi kumene kulibe. Ethiopia inayesa kutulukamo: kuyambira 2012 inajambula mapu a nthaka ya dziko, inapeza kuti salufa ndi michere ina ing'onoing'ono zikuperewera m'madera ambiri, ndipo inasiya kudalira DAP ndi Urea okha n'kuyamba feteleza wokhala ndi salufa.

Bwanji nanga maboma samangosintha? Thumba limapereka zotsatira m'miyezi inayi. Laimu amafuna nyengo imodzi kapena ziwiri kuti aoneke bwino, mtengo wa msangu zaka zambiri, zowolerana za m'nthaka zochulukirapo. Wandale ali ndi zaka zisanu, ndipo mlimi wosauka ali ndi chaka chimodzi chokha choti apulumuke. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sindingamunene mlimi amene wasankha thumba la lero kusiya chonde cha mtsogolo. Wobwereka munda ndiye alibiretu chifukwa chothira laimu kapena kudzala mtengo pa malo amene chaka chamawa mwini wake adzawatenga atawona kuti akubereka. Mapesi amene mlangizi akuti aphimbire nthaka ndi omwewo amene ziweto zikudikira m'chilimwe, ndi omwewo ena amasonkhera moto.

N'chifukwa chake thandizo la boma likufunika kwambiri pa zinthu zochedwa kubweza, zimene mlimi payekha sangazikwanitse, kusiyana ndi zimene amazifuna kale. Kunyamula laimu kuchoka kumgodi kufika kumadera a asidi ndi chimodzi. Mbewu yabwino ya nyemba, mabakiteriya opaka, ndi msika wodalirika wa zokololazo ndi china, pakuti palibe amene amachita kasinthasintha wa mbewu ndi chinthu chimene sadzagulitsa. Kuponi ingathe kumulola mlimi kusankha yekha pakati pa feteleza, laimu ndi mbewu, monga Zambia inayesera ndi makhadi a e-voucher kuyambira 2015, ngakhale kuchedwa kwa malipiro ndi kuvuta kwa netiweki kunaisokoneza. Thandizo lingathenso kukhala ndi pangano: European Union inapatula gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zolipira alimi mwachindunji kuyambira 2023 kuti lizipita kwa amene akutsata njira zosamala chilengedwe, ndipo Brazil inayamba mu 2010 kupereka ngongole za chiwongoladzanja chotsika kwa alimi okonzanso malo odyetsera ziweto oguga ndi olima mosatembenuza nthaka. Mapangano oterewa amafuna anthu okayendera minda, ndipo alimi a ku Ulaya achita zionetsero kangapo podandaula za kuchuluka kwa malamulo ndi mapepala.

Nthawi zina chimene boma lingachite sichifuna ndalama n'komwe. Ku Niger, alimi anayamba m'zaka za m'ma 1980 kusiya zitsa za m'minda kuti ziphukenso m'malo mozitentha, n'kumazidulira bwino. Chinathandiza kwambiri n'choti ulamuliro wa boma pa mitengo unafewa, mlimi n'kuyamba kuona mtengo wa m'munda mwake ngati wake. Akuyerekeza kuti mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anabiriwiranso motere. M'dera lomwelo la Sahel, ofufuza a bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT anafalitsa njira yothira feteleza wochepa kwambiri, wodzaza kachitsekero ka botolo, pa phando lililonse m'malo momwaza munda wonse, ndipo zokolola za mapira ndi mchewere zinakwera moonekeratu. Nayonso njirayi ikachitika yokha kwa zaka zambiri popanda manyowa kapena mapesi, imafulumizitsa kutha kwa michere imene sikubwezedwa.

Mu Meyi 2024 atsogoleri a Africa anakumananso, ku Nairobi, ndipo ulendo uno msonkhano unatchedwa wa feteleza ndi umoyo wa nthaka. Analonjeza kuti pofika 2034 feteleza wopangidwa mu Africa, wa mankhwala ndi wa manyowa, achuluke katatu, alimi ang'onoang'ono 70 pa 100 aliwonse alandire malangizo ogwirizana ndi nthaka ndi mbewu zawo, ndipo magawo 30 pa 100 a nthaka yoguga abwezeretsedwe. Lonjezo loyamba n'losavuta kulitsata, chifukwa matani amawerengedwa pa fakitale ndi pa doko. Lachitatu likufuna kuti wina apite m'minda lero kukatenga dothi, ayeze pH ndi zowolerana, asunge zotsatira, n'kudzabwerera pa malo omwewo patatha zaka zisanu ndiponso khumi. Ntchito imeneyo imafuna malabu, mayendedwe ndi malipiro a alangizi, ndipo ndalama zake zimachokera m'bajeti yomwe ija imene matumba amadya.